Mitu iwiri pa tsamba limodzi

Aphunzitsi anzanga, ndi inu amene munadutsa m'manja mwanga mukadali ovala yunifolomu, lero tikambirane nkhani yooneka yaing'ono koma imene imadya mapepala, inki ndi mtima wa munthu teremu iliyonse ikamatha. Ndikunena za tebulo lalitali la mu Word, lija la malikisi a ana kapena la sikimu. Tsamba loyamba limatuluka lokongola ngati chikalata cha ku banki. Ukatembenuza lachiwiri umapeza mitu ya makolamu yasowa, kapena yakwerana ndi dzina la sukulu, kapenanso yakakhala pakati pa tsamba ngati mlendo wosokera.

Ena amati imeneyi ndi nkhani ya kukongoletsa chabe. Ine ndimakana. Ku Fomu 3 ndi Fomu 4 timatsata magiredi a MSCE, kuyambira 1 mpaka 9. Wapeza 1 kapena 2 wakhoza mwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 wangowoloka, 9 ndiye wagwa. Nambala yaing'ono ndiyo yabwino. Koma pa pepala lomwelo pamakhalanso kolamu ya masiku amene mwana anajomba, ina ya malo amene wakhala m'kalasi, ina ya ntchito ya m'kalasi imene inachongedwa pa 10, pomwe nambala yaing'ono ndiyo yoipa. Tsono tengani tsamba lachitatu lopanda mitu. Patsogolo pa dzina la mwana pali 2, 9, 8, 3. Kodi 9 ameneyu ndi kulephera masamu, kapena ndi 9 pa 10? Mphunzitsi amene akukopera zimenezi pa malipoti usiku, atachonga kale mapepala tsiku lonse, amabwerera ku tsamba loyamba, n'kuwerenga makolamu ndi chala, n'kubwereranso. Chala chikatsetsereka kolamu imodzi, mwana amapita kwawo ndi giredi ya phunziro lina.

Ndipo onani amene zimawagwera. Mayina timawaika motsata alifabeti. Ana a kwa Banda ndi a kwa Chirwa amakhala pa tsamba loyamba, pansi penipeni pa mitu, malikisi awo owerengeka bwino. A kwa Phiri, a kwa Tembo ndi a kwa Zimba ndi amene nthawi zonse amakhala ku masamba opanda mitu. Teremu ndi teremu ndi mabanja omwewo.

Matebulo athuwa sadzafupika ayi. Chiyambire maphunziro aulere a ku pulayimale mu 1994, ana ofika ku sekondale anachuluka, ndipo kalasi yokwana pa tsamba limodzi ndi yosowa. Tiyeni tiwerengere limodzi. Pepala la A4 ndi lotalika masentimita 29.7. Word imasiya masentimita 2.54 pamwamba ndi ena 2.54 pansi, ndiye otsala ndi 24.6. Mzere uliwonse wa tebulo ukatenga masentimita 0.6, pa tsamba pamakwana mizere pafupifupi 40. Kalasi ya ana 90 ikufuna masamba atatu, kaya mufune kaya musafune.

Gwero la chisokonezo chonse, mmene ndimaonera ine, ndi lakuti pa tsamba pamakhala mitu iwiri yosiyana, koma ife timaitchula ndi dzina limodzi. Woyamba ndi mutu wa tsamba, umene Word imautcha Header. Umenewu umakhala kunja kwa zolemba, m'danga la pamwamba lija timalitcha majini. (Ana anga a Fomu 1 amaseka ndikati kompyuta ili ndi majini anayi, ndipo masiku ena otsekera teremu ndimaona ngati akuseka zoona.) Mutu wa tsamba sudziwa kuti pansi pake pali tebulo, kalata kapena chithunzi. Ntchito yake ndi kuoneka pa tsamba lililonse basi. Wachiwiri ndi mzere wa mitu wa tebulo, uja wolembedwa Dzina, Chichewa, Masamu, Biology ndi zina. Umenewu ndi chiwalo cha tebulo, umakula ndi kuchepa pamodzi ndi makolamu ake. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo apa ndi zoonadi: yonse iwiri ikufunika. Vuto limabadwa pamene wina wapatsidwa ntchito ya mnzake.

Ife amene tinaphunzira sekondale m'zaka za m'ma 1990 tinakula tikuona mayi wotayipa wa pa sukulu akumenya taipi pa sitensulo. Kwa iwowo tsamba linali chinthu chogwirika. Likadzaza ankalichotsa, n'kuika lina, n'kutayipanso mitu pamwamba. Inali nzeru yolondola pa makina amenewo, chifukwa zimene zalembedwa pa sitensulo sizisuntha. Ambiri tinabwera ndi nzeru yomweyo pa kompyuta. Munthu akafika pothera tsamba amaika mzere watsopano, n'kutayipamo mitu ndi dzanja. Tsiku limenelo zimaoneka bwino ndithu. Mawa lake kwabwera mwana wa transifa wa kwa Banda, mwamuika pa nambala 4, ndipo chilichonse chatsika ndi mzere umodzi. Mitu ija yotayipa ndi dzanja tsopano ili pa mzere wachiwiri wa tsamba, pamwamba pake pali mwana mmodzi yekha wopanda mutu. Ana atatu akasiya sukulu, mituyo imakwera n'kukakhala pansi pa tsamba lapitalo, pamene siithandiza aliyense. Mu Word mulibe tsamba lokhazikika. Zolemba zimayenda ngati madzi mu ngalande, ndipo pamene tsamba lithere pamasintha mukangosintha kanthu kena kumtunda.

Ochenjera pang'ono amachita zina. Amakopa mzere wa mitu n'kukauika mu Header, poganiza kuti popeza Header imaoneka pa tsamba lililonse, nkhani yatha. Ndaziona kangapo pa mafayilo amene anzathu amatumizirana, ndipo chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mzere umene uli mu Header ndi tebulo lina lapadera, silidziwana ndi la m'munsi. Mukakulitsa kolamu ya mayina kuti dzina lalitali likwane, makolamu a m'munsi amasunthira kumanja koma mitu ya pamwamba imatsala pomwe inali. Mutu wa Masamu umakakhala pamwamba pa malikisi a Chichewa. Kumeneku ndiye kuipa kuposa kusowa mutu, chifukwa wowerenga sakayika n'komwe. Kuwonjezera apo tsamba loyamba limakhala ndi mitu kawiri, ndipo tsamba lomaliza la ndemanga za ahedi, lopanda tebulo, limanyamulabe mitu ya maphunziro pamwamba pake.

Chonsecho Word ili nayo kale njira yake, ndipo ndi yakalekale. Dinani mu mzere woyamba wa tebulo. Ngati muli pa kompyuta yakale ya Word 2003, zimene zikadalipo m'zipinda zina za aphunzitsi, pitani pa Table n'kusankha Heading Rows Repeat. Kuyambira Word 2007, pamene maonekedwe a menyu anasintha, mukadina mu tebulo pamwamba pamabwera Layout ya tebulo, ndipo kumanja kwake kuli Repeat Header Rows. Njira imene imagwira ponseponse ndi kudina batani lakumanja la mausi muli mu mzere woyambawo, kusankha Table Properties, kenako Row, n'kuchonga kabokosi kolembedwa Repeat as header row at the top of each page. Mukatero mitu imadzibwereza yokha pamwamba pa tsamba lililonse limene tebulo lafika, ndipo mwana wa transifa akabwera imakhalabe pamalo pake. Mitu ya pa tsamba lachiwiri simungaidine kapena kuisintha, ndi chithunzithunzi chabe cha mzere woyamba. Mukafuna kusintha, sinthani pa tsamba loyamba. Ngati mitu yanu ili m'mizere iwiri, monga dzina la phunziro pamwamba ndipo pansi pake Malikisi ndi Giredi, sankhani mizere yonse iwiri pamodzi, koma woyamba usatsale.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mukuti, “Aphunzitsi, zimenezo ndinachonga kale, koma sizikutheka.” Apa ndi pamene pali nkhani yeniyeni, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha.

Musanakhudze chilichonse, yatsani zizindikiro zobisika. Pa Home pali kabatani kooneka ngati P woyang'ana kumbuyo, ¶, kapena dinani Ctrl, Shift ndi 8 pamodzi. Chikalata chimaoneka chauve, timadontho ndi timivi ponseponse, koma zimenezi sizituluka pa pulinta. Zimangokuonetsani paliponse pamene munthu anadina Enter, Tab kapena kudula tsamba. Ine sindiyamba kukonza fayilo ya munthu ndisanayatse zimenezi, monga mmene sindingachongere masamu poona yankho lokha osaona njira.

Kawirikawiri chimene mumapeza ndi mawu akuti Page Break ali pakati pa tebulo. Wina anafuna kuti atsikana athere pa tsamba lawo, anyamata ayambire pa lina, ndiye anadina Ctrl ndi Enter. Kudula kotere kumang'amba tebulo n'kukhala matebulo awiri. M'maso limaoneka limodzi, koma lachiwirilo ndi lachilendo, lilibe mzere wa mitu, ndipo Word siingabwereke mitu ya tebulo lina. Chotsani Page Break ija pamodzi ndi kandime kopanda kanthu kamene kali pakati, matebulo awiriwo alumikizana. Ngati mukufunabe kuti anyamata ayambire pa tsamba latsopano, dinani mu mzere wa mnyamata woyamba, tsegulani Paragraph, pitani pa Line and Page Breaks, n'kuchonga Page break before. Mzerewo umalumphira ku tsamba lina tebulo lili lathunthu, mitu n'kutsatira.

Vuto lachiwiri ndi limene limandipsetsa mtima, chifukwa limagwera munthu wosalakwa. Mukayendetsa mausi pamwamba pa tebulo, pa ngodya ya kumanzere pamaoneka kabokosi kokhala ndi mtanda wa mivi inayi. Anthu amadina pamenepo pofuna kusankha tebulo lonse. Dzanja likangogwedezeka pang'ono batani lili chidinire, Word imaganiza kuti mukufuna kulisuntha tebulolo, ndipo imalizula pa mzere wa zolemba n'kulisandutsa loyandama ngati chithunzi. Palibe uthenga uliwonse umene imakupatsani. Tebulo loyandama silimvera malamulo a tsamba monga linzake. Mitu imasiya kudzibwereza ngakhale kabokosi kaja kali kochonga. Nthawi zina tebulo limakwera n'kulowa m'dera la Header, dzina la sukulu n'kumaoneka pansi pa mayina a ana, zilembo pamwamba pa zilembo. Ndinaonapo mnzanga wina atatsitsa Header, n'kuikweza, n'kuchepetsa zilembo, n'kufika poifufutiratu, koma mlandu sunali wa Header. Mankhwala ake ndi kudina kamodzi: Table Properties, pa Table, pansi pa Text wrapping, sankhani None m'malo mwa Around. Matebulo okopedwa pa intaneti kapena otembenuzidwa kuchoka ku PDF amakonda kubwera ali oyandama kale, ndiye muziyang'ana pamenepa msanga.

Palinso amene amachita khama mopitirira. Amasankha tebulo lonse, kuyambira mzere woyamba mpaka mwana womaliza, kenako n'kuchonga kabokosi kobwereza mitu. Pamenepo mwauza Word kuti mizere yonse 91 ndi mitu. Mutu wotalika masamba atatu sungabwerezedwe pamwamba pa tsamba limodzi, ndiye palibe chimene chimabwerezedwa. Sankhani tebulo lonse, chotsani chichongocho, kenako dinani mu mzere woyamba wokha n'kuchonganso. Ndipo ngati tebulo lanu lili m'kati mwa kabokosi ka tebulo lina, monga zimakhalira pa mafomu ena otumizidwa ndi maofesi, mitu ya tebulo la m'katilo siidzibwereza. Litulutseni liime palokha.

Nthawi zina palibe chimene chaonongeka. Mitu yobwerezedwa ndi Header zimaoneka pokhapokha muli pa Print Layout kapena pa chithunzi cha zimene zituluke pa pulinta. Pa Draft ndi pa Web Layout sizioneka. Pa foni, Word ikamakonza zolemba kuti zikwane pa sikirini yaing'ono, masamba enieni saoneka, ndiye musaweruze fayilo ya pa WhatsApp muli m'minibasi. Komanso mukadina kawiri pa mpata wa pakati pa masamba awiri, Word imabisa majini a pamwamba ndi pansi pamodzi ndi Header. Dinaninso kawiri pa mzere womwewo, zonse zibwerera.

Tsopano mutu wa tsamba weniweniwo. Sukulu zathu zimakonda Header yonenepa: dzina la unduna, dzina la sukulu, bokosi la kalata, mwambi wa sukulu, teremu ndi chaka, ndi baji pakati. Word imayamba kulemba Header pa mtunda wa pafupifupi masentimita 1.25 kuchokera kumphepete kwa pepala, ndipo zolemba zimayamba pa 2.54. Danga lotsalalo ndi la mizere iwiri ya zilembo wamba. Mukaikamo mizere 6, Word siikana, imangokankhira tebulo m'munsi pa tsamba lililonse. Header ikakula ndi masentimita 2, tsamba lililonse lataya ana atatu, ndipo tebulo limene likanathera pa tsamba lachitatu likhoza kudontheza mayina awiri pa lachinayi. Baji ndiye ili ndi khalidwe lake. Ikakhala pa In Line with Text imawerengedwa ngati chilembo chachikulu, ndipo imakankha tebulo. Ikakhala pa In Front of Text kapena Behind Text, Word siiwerengera kutalika kwake, ndiye imalendewera mpaka pa mitu ya makolamu n'kusokoneza mutu wa phunziro limodzi kapena awiri pa tsamba lililonse. Chinanso chobisika: mukapeza nambala ya majini a pamwamba ili ndi chizindikiro chochotsera, monga -2.54, ndiye kuti wina anauza Word kuti zolemba ziyambire pomwepo zivute zitani, ndipo Header yaitali idzagona pamwamba pa tebulo. Chotsani kachizindikirako.

Maganizo anga ndi akuti baji ndi mwambi wa sukulu zikwanira pa tsamba loyamba. Mu Page Setup, pa Layout, muli kabokosi ka Different first page. Mukakachonga, tsamba loyamba limakhala ndi Header yakeyake, mmene mungaikemo ulemerero wonse wa sukulu. Masamba otsatira apatseni mzere umodzi wokha: kalasi, teremu, chaka, ndi nambala ya tsamba. Mzere umenewu ndi wofunika kuposa baji. Mapepala a malikisi amayenda m'manja ambiri, sitepula imathothoka, ndipo tsamba lachiwiri la Fomu 3A ndi lachiwiri la Fomu 3B amafanana ngati mapasa. Nambala ya tsamba musatayipe ndi dzanja, ikani ya pa Insert, Page Number, makamaka ija yonena kuti tsamba lakuti mwa masamba angati, kuti wolandira adziwe ngati lina latsala mu pulinta.

Sikimu ili ndi mavuto akeake chifukwa imafuna pepala logona chopingasa. Makolamu a sabata, mutu wa phunziro, zolinga, njira zophunzitsira, zipangizo, mabuku ndi ndemanga sangakwane pepala litaimirira. Ngati chikalata chonse ndi chopingasa, palibe vuto. Koma ambiri timafuna chikuto choimirira kenako tebulo lopingasa, ndipo zimenezi zimatheka podula chikalata m'zigawo ndi Section Break ya Next Page. Gawo latsopano limatengera Header ya gawo lapitalo, chifukwa batani la Link to Previous limakhala loyatsa. Mu Header muli malo oimapo Tab amene anayezedwa pa pepala loimirira, lomwe danga lake lolembamo ndi masentimita 15.9. Pepala lopingasa danga lake ndi 24.6. N'chifukwa chake nambala ya tsamba imene inali kumapeto kumanja imapezeka yaima panjira, ndipo dzina la sukulu limene linali pakati lapendekera kumanzere. Dinani kawiri mu Header ya gawo lopingasalo, zimitsani Link to Previous kaye, kenako sunthani malo a Tab pa rula. Mukayamba ndi kusuntha musanazimitse, mukonza gawo ili n'kuononga linalo. Kuyambira Word 2007 mulinso Insert Alignment Tab, imene imayeza kuchokera ku majini, kotero Header imodzi imakhala bwino pepala liimirire kapena ligone. Chenjezo limodzi: Section Break imasunga makonzedwe a masamba amene ali kumtunda kwake. Mukaifufuta, chikuto chanu chimatengera makonzedwe a gawo la m'munsi, n'kugona chopingasa nachonso.

Mu Table Properties, pa Row pomwe paja, muli kabokosi kena kolembedwa Allow row to break across pages, ndipo anthu amandifunsa ngati kayenera kuchongedwa kapena ayi. Yankho limadalira tebulo. Pa malikisi chotsani chichongocho pa mizere yonse, kuti mwana wa dzina lalitali asadulidwe pakati, dzina loyamba tsamba ili, la bambo ake tsamba linalo. Pa sikimu kasiyeni kochonga. Mzere wa sabata imodzi ukhoza kutalika theka la tsamba, ndipo mukauletsa kuduka umalumpha wonse n'kusiya chigwembe choyera pansi pa sabata yapitayo. Kutalika kwa mzere kukhale pa At least osati Exactly, chifukwa Exactly imadula mawu amene sanakwane popanda kukuuzani, ndipo cholinga chachitatu cha phunziro chimangosowa. Mukaona tsamba loyamba lili ndi Header yokha, tebulo lonse lathawira ku tsamba lachiwiri, kayang'aneni Keep with next mu Paragraph. Ikakhala yochonga pa mizere yonse, mzere uliwonse umakakamira unzake wa m'munsi ngati ana a sukulu ya mkaka powoloka msewu. Zimachitika kwambiri munthu akagwiritsa ntchito masitayilo a Heading m'kati mwa tebulo pofuna zilembo zakuda, poti masitayilo amenewa amabwera ndi Keep with next.

Keep with next yomweyo ili ndi pabwino pake. Pansi pa malikisi pamakhala malo osainapo mphunzitsi wa kalasi ndi ahedi. Siginecha ikapita yokha pa tsamba lopanda dzina la mwana ngakhale mmodzi, sichitira umboni chilichonse, munthu akhoza kuimata kumbuyo kwa pepala lina lililonse. Chongani Keep with next pa mizere iwiri kapena itatu yomaliza ya tebulo, ndipo idzapita limodzi ndi malo osainawo.

Inu ana anga akale amene tsopano muli m'maofesi, m'zipatala ndi m'mabungwe, ndikudziwa kuti si nonse muli pa Word. Mu LibreOffice Writer, imene ndi yaulere ndipo inaphukira ku OpenOffice mu 2010, pitani pa Table Properties, Text Flow, n'kuchonga Repeat heading, pomwepo mumanenanso kuti ndi mizere ingati. Mu Google Docs dinani batani lakumanja pa mzere woyamba n'kusankha Pin header row. Mu Excel anthu amanamizidwa ndi Freeze Panes, imene imagwira mitu pa sikirini pokha, pa pepala ayi. Ya pa pepala ili mu Page Setup, pa Sheet, pamene palembedwa Rows to repeat at top. Ndinganene kuti malikisi kwawo kwenikweni ndi ku Excel, poti imawerengera yokha, koma ndikudziwa kuti mafomu ambiri amatifika ali a Word ndipo amafunika kubwezedwa momwemo.

Mwakonza zonse, mwaika pa fulashi, mwapita kokapulintitsa pa tauni poti pulinta ya sukulu yatha inki kapena magetsi athima. Kumeneko fayilo ikutsegulidwa pa kompyuta ina, ndipo masamba atatu asanduka anayi. Zifukwa zake zimakhala ziwiri. Makompyuta ambiri amabwera atatcheredwa pa pepala la ku America lotchedwa Letter, lotalika masentimita 27.9, pomwe mapepala amene timagula kuno ndi A4, a 29.7. Kusiyana kwa masentimita 1.8 ndi mizere itatu ya ana pa tsamba lililonse. Onetsetsani kuti Size ili pa A4 musanayambe n'komwe kutayipa. Chifukwa china ndi mtundu wa zilembo. Word 2003 inkayamba ndi Times New Roman, ya 2007 inabweretsa Calibri, ndipo zatsopano za Microsoft 365 zimayamba ndi Aptos. Kompyuta imene ilibe mtundu umene munagwiritsa ntchito imaika wina wofananako, mayina ena n'kupindikira pa mzere wachiwiri, tebulo n'kutalika. Tebulo la mitu yodzibwereza limapirira zonsezi, la mitu yotayipa ndi dzanja limabalalika. Komabe musanachoke pa kompyuta yanu sungani kope la PDF, mulitsegule, muone tsamba lililonse, ndipo kokapulintitsa mupereke limenelo. La Word lisungeni la mawa, pobwera mwana wina wa transifa.

Katsala kanthu kamodzi kamene kamadya pepala mwakachetechete. Tebulo likathera pansi penipeni pa tsamba, pulinta imalavula tsamba lina loyera, lokhala ndi Header yokha. Mukadina Delete kapena Backspace silichoka. Chifukwa chake n'chakuti Word siilola chikalata kuthera pa tebulo, pambuyo pake payenera kukhala kandime kamodzi ngakhale kopanda mawu. Kakasowa malo pa tsamba la tebulo kamatsegula tsamba lakelake. Mukayatsa ¶ mudzakaona kali kokhakokha pamwamba pa tsamba lomalizalo. Kufufuta sikutheka, koma kuchepetsa kumatheka. Kasankheni, pa kabokosi ka kukula kwa zilembo tayipani 1 n'kudina Enter, ndipo mu Paragraph ikani Before ndi After pa 0. Kakapanda kukwanabe, chepetsani majini a pansi ndi mamilimita awiri kapena atatu. Kandimeko kamabwerera pansi pa tebulo, tsamba loyera lija limachoka, ndipo nambala ya pamwamba imawerengeka tsamba 3 mwa 3 m'malo mwa 3 mwa 4.